MUTU 7: KUSAMALA NDI KUKONZA NKHOKWE YA PULOGALAMU YA ZIYANKHULO ZAMBIRI

Mawu oyamba

M'Mutu 6 mudaona momwe aphunzitsi angaikire maphunziro awo pa pulogalamu ya pa intaneti kuti anzawo akutali awawerenge. M'chigawo chathu chino pulogalamu yotere singayende ndi chiyankhulo chimodzi ayi. Phunziro limodzi lomwelo lingafunike m'Chingerezi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chibemba, m'Chishona ndi m'Chipwitikizi.

Tsono tsiku lina mudzatsekula tsamba n'kupeza dzina loti Malaŵi lasanduka "MalaÅµi", kapena phunziro limene mudachezera usiku kulimasulira lasowa. Zikatere ambiri amangoti kompyuta yapenga, n'kuyamba kulembanso. Mawa vuto lija labweranso. Limabweranso chifukwa gwero lake silili pa tsamba limene mukuonalo, koma m'kapangidwe ka nkhokwe imene imasunga mawuwo. Mutu uno ukuthandizani kuzindikira gwerolo ndi kugwira ntchito limodzi ndi wolemba pulogalamu kuti likonzedwe popanda kutaya ntchito ya aphunzitsi.

Musade nkhawa. Sitikufuna kuti musanduke katswiri wolemba mapulogalamu. Koma dziwani kuti katswiri amene sadziwa Chitumbuka sangaone kuti mawu a Chitumbuka aonongeka. Amene angaone ndi inu.

Zolinga

Pomaliza pa mutu uno muzitha:

1. kufotokoza tanthauzo la data model;
2. kusiyanitsa njira ziwiri zosungira mawu a ziyankhulo zambiri;
3. kuzindikira zolakwika zinayi zimene zimachokera m'kapangidwe ka nkhokwe;
4. kulemba lipoti lomveka la cholakwika;
5. kutsata masitepe oyenera pokonza.

Nthawi: Patulani maola atatu. Khalani ndi kope, pensulo ndi rula.

7.1 Kodi data model n'chiyani?

Tengani rejisitala ya kalasi yanu. Musanalembemo dzina la mwana ndi mmodzi yemwe, wina adaganiza kale za madanga ake: danga la nambala, la dzina, la tsiku lobadwa, la masiku a sukulu. Adaganizanso kukula kwa danga lililonse, ndi kuti mwana aliyense akhale ndi mzere wakewake. Mwana wa dzina lalitali akabwera, danga likachepa, mumafupikitsa dzinalo. Vuto si mwanayo, vuto ndi kapangidwe ka rejisitala.

Pulogalamu ya pa intaneti imasunga zinthu m'nkhokwe yotchedwa database. M'nkhokwemo muli matebulo, ndipo tebulo lililonse lili ndi madanga otsika ndi mizere yopingasa, monga rejisitala ija. Data model ndi dongosolo lonena kuti mukhale matebulo ati, tebulo lililonse likhale ndi madanga ati, danga lililonse lilandire zotani ndi zochuluka bwanji, ndiponso matebulowo alumikizane motani. M'mutu uno tizingoti kapangidwe ka nkhokwe. Cholakwika cha m'pulogalamu, chimene akatswiri amati bug, tizichitcha cholakwika basi.

7.2 Njira ziwiri zosungira ziyankhulo zambiri

Njira yoyamba: danga limodzi pa chiyankhulo chilichonse. Tebulo la maphunziro limakhala ndi danga la mutu m'Chingerezi, lina la mutu m'Chichewa, lina la mutu m'Chipwitikizi. Njirayi ndi yosavuta kumva ndipo imayenda bwino ziyankhulo zikakhala ziwiri kapena zitatu zosasintha. Koma mukafuna kuonjeza Chiyao, muyenera kuboola danga latsopano m'tebulo lililonse limene muli mawu. Mukaiwala tebulo limodzi, tsamba lina lidzakanika kutsekuka. Komanso madanga ambiri amangokhala opanda kanthu.

Njira yachiwiri: tebulo lapadera la zomasulira. Tebulo loyamba limasunga zimene sizisintha ndi chiyankhulo, monga nambala ya phunziro, kalasi ndi tsiku limene lidalembedwa. Tebulo lachiwiri limasunga mawu, mzere umodzi pa chiyankhulo chilichonse. Onani chitsanzo ichi:

Nambala ya phunziro | Chiyankhulo | Mutu
12 | en | Clean water
12 | ny | Madzi aukhondo
12 | pt | Água limpa

Mukafuna kuonjeza chiyankhulo, mumangoonjeza mizere, kapangidwe osakagwira. Kuipa kwake n'koti matebulo awiriwa ayenera kumangidwa bwino, apo ayi mizere imabwerezeka kapena kutayika.

Njira zonse ziwiri zikugwiritsidwa ntchito. Mwachitsanzo, olemba mapulogalamu ndi Django, chida chimene chidatulutsidwa poyera mu 2005, angasankhe django-modeltranslation, imene imatsata njira yoyamba, kapena django-parler, imene imatsata yachiwiri. Funso loyamba kwa wolemba pulogalamu yanu likhale ili: "Kodi yathuyi ikutsata njira iti?"

Ntchito 1

M'kope lanu jambulani matebulo osungira maphunziro atatu m'ziyankhulo zitatu, poyamba mwa njira yoyamba, kenaka mwa njira yachiwiri. Tsopano onjezani chiyankhulo chachinayi. Kodi ndi njira iti imene yakukakamizani kujambulanso tebulo?

7.3 Zolakwika zinayi zimene mudzakumana nazo

(a) Danga la chiyankhulo lachepa

Makompyuta amazindikira ziyankhulo ndi zizindikiro zachidule za bungwe la ISO. Mndandanda wa ISO 639-1 uli ndi zizindikiro za zilembo ziwiri: en ndi Chingerezi, pt Chipwitikizi, sn Chishona, zu Chizulu, ny Chichewa kapena Chinyanja. Koma ziyankhulo zambiri za kuno zilibe chizindikiro cha zilembo ziwiri. Zili ndi cha zilembo zitatu, monga momwe zilili mu ISO 639-3, imene idasindikizidwa mu 2007: tum ndi Chitumbuka, bem Chibemba, yao Chiyao, seh Chisena cha ku Mozambique, toi Chitonga cha ku Zambia ndi Zimbabwe, tog Chitonga cha ku Nkhata Bay.

Nanga wolemba pulogalamu atapanga danga lolandira zilembo ziwiri zokha, chingachitike n'chiyani? Nkhokwe ina imakana, n'kutulutsa uthenga wa cholakwika. Imeneyo ndi yabwino, chifukwa yakuchenjezani. Ina, malinga ndi momwe adaitcherera, imangodula chilembo chachitatu mwakachetechete. Pamenepo bem imasanduka be, chimene ndi chizindikiro cha chiyankhulo cha ku Belarus. Seh imasanduka se, chizindikiro cha chiyankhulo cha Asami a kumpoto kwa Ulaya. Choopsa kwambiri, toi ndi tog zonse zimasanduka to, chizindikiro cha chiyankhulo cha pa zilumba za Tonga m'nyanja ya Pacific. Maphunziro a ziyankhulo ziwiri zosiyana asakanikirana, ndipo palibe kompyuta imene ingawalekanitse bwino. Adzafunika munthu wodziwa ziyankhulozo kuti awerenge mzere ndi mzere.

Mankhwala ake: danga likulitsidwe ndithu, osati kufika pa zilembo zitatu zokha. Nthawi zina pamafunika kuonjeza dziko, monga ny-MW pa Chichewa cha ku Malawi, ny-ZM pa Chinyanja cha ku Zambia, pt-MZ pa Chipwitikizi cha ku Mozambique. Komanso chiyankhulo chizisankhidwa pa mndandanda wokonzeratu, osati aliyense kulemba yekha, kuopa kuti wina alemba ny, wina nya, wina Chichewa, zonse kutanthauza chimodzi.

(b) Zilembo zasokonekera

Kompyuta sisunga zilembo, imasunga manambala. Pamafunika mgwirizano wonena kuti nambala iti ikuimira chilembo chiti. Mgwirizano wakale wa Latin-1 udakonzedwera ziyankhulo za kumadzulo kwa Ulaya. Uli ndi ã ndi ç za Chipwitikizi, koma ulibe ŵ, chilembo chimene chili m'dzina loti Malaŵi ndipo chimapezeka kawirikawiri m'Chitumbuka, monga m'mawu oti ŵanthu. Unicode, imene idayamba kutuluka mu 1991, idabwera kuti chilembo chilichonse chikhale ndi nambala yakeyake. Njira yofala yoisungira ndi UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike adakonza mu 1992.

Mu UTF-8 chilembo cha a chimatenga baiti imodzi, koma ŵ chimatenga mabaiti awiri. Mawu akasungidwa mu UTF-8 koma n'kuwerengedwa ngati Latin-1, mabaiti awiri aja amaoneka ngati zilembo ziwiri zachilendo. Ndiye chifukwa chake Malaŵi imaoneka "MalaÅµi" ndipo São imaoneka "SÃ£o". Pamene mawu alowetsedwa m'danga limene silidziwa ŵ n'komwe, chilembocho chimasinthidwa ndi mfunsiro: "Mala?i".

Gwirani bwino kusiyana kwake. "MalaÅµi" ikuoneka yoopsa, koma manambala ake akadalipo, ndipo katswiri angathe kubwezera mawu onse nthawi imodzi. "Mala?i" ikuoneka yofatsa, koma ngati mfunsirowo ndi umene wasungidwa m'nkhokwe, chilembo chija chapita. Chingabwerere kokha kuchokera ku kope losungidwa kale kapena polembanso pamanja. Choncho mukaona zilembo zachilendo, musathamangire kuzikonza pamanja. Mukakonza mizere ina n'kusiya ina, nkhokwe imakhala yosakanikirana, ndipo ntchito ya katswiri imakula.

Mankhwala ake: tsamba, pulogalamu, njira yolumikizira nkhokwe ndi matebulo, zonse zigwiritse ntchito UTF-8. Ngati nkhokwe yanu ndi MySQL, pemphani utf8mb4, imene idabwera mu 2010. Yakale ija, imene inkangotchedwa utf8, imalandira zilembo za mabaiti osapitirira atatu, choncho imakana tizithunzi ta emoji timene ophunzira amakonda kuika m'mauthenga.

Pali kamsampha kena. Unicode imalola kulemba ŵ m'njira ziwiri: ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w wotsatidwa ndi kachipewa kapadera. M'maso mwanu n'zofanana, koma kwa kompyuta ndi mawu awiri osiyana, ndipo pofufuza mungapeze ena n'kuphonya ena. Pulogalamu iyenera kusandutsa mawu onse kukhala a mtundu umodzi isanawasunge. Mtundu umene ambiri amasankha umatchedwa NFC.

(c) Nkhodolero

Taganizani kuchuluka kwa nkhodolero m'chiyankhulo chathu: ng'ombe, m'mudzi, n'chiyani, pang'ono. M'chiyankhulo cha SQL, chimene pulogalamu imalankhulira ndi nkhokwe, kachizindikiro komweka kamaonetsa poyambira ndi pothera mawu. Pulogalamu yolembedwa mosasamala ikalandira mawu oti ng'ombe, nkhokwe imaganiza kuti mawu athera pa ng, ndipo zotsalazo imaziyesa lamulo losamveka. Phunziro limakanika kusungidwa. Mutu wa Chingerezi wopanda nkhodolero umadutsa bwinobwino, ndiye wolemba pulogalamu amene adayesa ndi mitu yotere yokha sadaone kanthu.

Cholakwika ichi musachipeputse. Pamene nkhodolero yadutsa n'kusokoneza lamulo, munthu wa zolinga zoipa angadutsenso n'kuba kapena kufufuta zonse. Kuukira kotere kumatchedwa SQL injection. Kuletsa aphunzitsi kulemba nkhodolero si mankhwala ayi, n'kuononga chiyankhulo. Mankhwala ake ndi oti pulogalamu izitumiza lamulo palokha ndi mawu paokha, njira imene akatswiri amati parameterised query.

Dziwaninso kuti nkhodolero zilipo ziwiri, yowongoka ndi yopindika. Mapulogalamu olembera monga Microsoft Word amakonda kusintha yowongoka kukhala yopindika. Mphunzitsi akakopera phunziro kuchokera kumeneko, mnzake wofufuza ng'ombe ndi nkhodolero yowongoka sangalipeze. Gwirizanani mtundu umodzi, ndipo pulogalamu izisintha yokha posunga ndi pofufuza.

(d) Zomasulira zosowa, zobwerezeka ndi zamasiye

Izi zimavuta makamaka m'njira yachiwiri ija. Tiyerekeze kuti phunziro 12 lilibe mzere wa Chishona. Wowerenga Chishona aone chiyani? Ngati palibe amene adaganizapo, tsamba limatuluka loyera kapena limakanika. Payenera kukhala lamulo la chiyankhulo chogwirizira, ndi uthenga womuuza wowerengayo kuti phunziroli silidamasuliridwe. Lamuloli liganizire dera. Kwa mphunzitsi wa ku Tete, Chipwitikizi chingathandize kuposa Chingerezi.

Tiyerekezenso kuti aphunzitsi awiri amasulira phunziro 12 m'Chichewa tsiku limodzi. Nkhokwe ikalola, pamakhala mizere iwiri. Inu mumakonza umodzi, tsamba n'kumaonetsa winawo, inu n'kumadabwa kuti zokonza zanu zikupita kuti. Mankhwala ake ndi lamulo la m'nkhokwe loti nambala ya phunziro ndi chiyankhulo, zikaphatikizidwa, zisabwerezeke.

Zamasiye ndi zomasulira zimene phunziro lake lidafufutidwa koma zokha zidatsala. Lamulo lolumikiza matebulo, lotchedwa foreign key, limaletsa zimenezi. Koma funsani momwe lidatcheredwera. Likhoza kukana kufufuta phunziro limene lili ndi zomasulira, kapena likhoza kufufuta phunzirolo pamodzi ndi zomasulira zake zonse. Ngati ndi lachiwirili, kudina kamodzi kungafafanize ntchito ya aphunzitsi asanu.

Ntchito 2

Lembani mawu khumi a m'ziyankhulo za kwanu amene angayese pulogalamu. Pakhale a nkhodolero, a ŵ, a zilembo za Chipwitikizi monga ã ndi ç, ndi mutu umodzi wautali kwambiri. Sungani mndandandawu. Muugwiritsa ntchito m'gawo lotsatira.

7.4 Masitepe okonzera cholakwika

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsatani masitepe awa mwa ndondomeko yake.

Sitepe 1: Chibwerezeni. Chitaninso zimene mudachita mpaka cholakwikacho chioneke kachiwiri. Yesani m'chiyankhulo china. Ngati chikuchitika m'Chichewa koma osati m'Chingerezi, mwapeza kale mkhondo wake.

Sitepe 2: Lembani lipoti. Lipoti loti "pulogalamu sikugwira" silithandiza aliyense. Lipoti labwino limanena tsamba, chiyankhulo, zimene mudachita, zimene mumayembekezera ndi zimene zidachitika. Mwachitsanzo: "Pa tsamba loonjezera phunziro ndidasankha Chichewa, ndidalemba mutu woti Kuweta ng'ombe, ndidadina posungira. Ndimayembekezera kuti usungidwa, koma padatuluka uthenga wa cholakwika. Nditachotsa nkhodolero udasungidwa. Ndayesa katatu." Phatikizani chithunzi cha tsambalo, koma bisani mayina a ophunzira.

Sitepe 3: Sungani kope la nkhokwe yonse. Asanagwire kanthu, wokonza atenge kope, limene amati backup, ndipo ayese kulibwezera pa kompyuta ina. Kope limene silidayesedwe simungalidalire.

Sitepe 4: Konzerani pa nkhokwe yoyeserera, osati imene aphunzitsi akugwiritsa ntchito.

Sitepe 5: Konzani zinthu ziwiri, kapangidwe ndi zimene zidaonongeka kale. Kukulitsa danga kumateteza mizere ya mawa, koma mizere ya dzulo imene idadulidwa ikadali yodulidwa. Ndondomeko nayo ndi yofunika: lamulo loletsa kubwereza silingakhazikike mizere yobwerezeka ikadalimo, choncho yambani mwasankha woti utsale. Kusankhako ndi kwa aphunzitsi, osati kwa katswiri. Kusintha kulikonse kwa kapangidwe kulembedwe m'kafayilo kotchedwa migration, kuti kuchitike mofanana paliponse ndipo obwera m'mbuyo adziwe zimene zidasinthidwa.

Sitepe 6: Yesani. Lowetsani mawu anu khumi aja, asungeni, atsekuleninso, afufuzeni. Werengani kuchuluka kwa mizere ya chiyankhulo chilichonse musanakonze ndiponso mutakonza. Ngati mizere ya Chitumbuka idali 40 ndipo tsopano ndi 37, wina afotokoze kumene itatuyo yapita.

Sitepe 7: Samutsirani kukonzako ku nkhokwe yeniyeni pa nthawi imene anthu sakuigwiritsa ntchito kwambiri, mutawachenjeza. Lembani m'buku tsiku, cholakwika ndi zimene zachitidwa.

7.5 Kusamala kwa nthawi zonse

Denga timafolera mvula isanagwe. Pa malo anu a aphunzitsi gwirizanani izi. Chiyankhulo chilichonse chikhale ndi munthu mmodzi wochiyang'anira. Kamodzi pa teremu muone mndandanda wa maphunziro amene alibe zomasulira. Phunziro loyambirira likasinthidwa, zomasulira zake ziikidwe chizindikiro choti zionedwenso, kuopa kuti ana a chiyankhulo china aziphunzira zakale. Mphamvu yofufuta ikhale ndi anthu ochepa. Ndipo pulogalamu ikasinthidwa, mawu khumi aja ayesedwenso, chifukwa cholakwika chimene chidakonzedwa chaka chatha chimatha kubwerera.

Mwachidule

M'mutu uno mwaphunzira kuti zolakwika zambiri zooneka pa tsamba zimachokera m'kapangidwe ka nkhokwe. Mwaona njira ziwiri zosungira ziyankhulo zambiri, ndi zolakwika zinayi: danga lochepa, zilembo zosokonekera, nkhodolero, ndi zomasulira zosowa, zobwerezeka kapena zamasiye. Mwaonanso kuti kukonza kumayamba ndi lipoti lomveka ndi kope la nkhokwe, ndipo kumatha ndi kuyesa kwa munthu wodziwa chiyankhulocho.

Dziyeseni

1. Fotokozani data model pogwiritsa ntchito chitsanzo cha rejisitala.
2. Chingachitike n'chiyani zizindikiro za toi ndi tog zitalowa m'danga la zilembo ziwiri?
3. Pakati pa "MalaÅµi" ndi "Mala?i", chovuta kukonza n'chiti? Chifukwa chiyani?
4. Mnzanu akuti aphunzitsi asiye kulemba nkhodolero kuti pulogalamu isamavute. Mungamuyankhe bwanji?
5. Tchulani zinthu ziwiri zimene ziyenera kukonzedwa pa Sitepe 5.

Mayankho

1. Monga rejisitala ili ndi madanga okonzeratu ndi mzere wa mwana aliyense, data model imanena matebulo, madanga, kukula kwake ndi kulumikizana kwake.
2. Nkhokwe ingakane, kapena ingadule zonse kukhala to. Ikadula, maphunziro a ziyankhulo ziwirizo amasakanikirana pansi pa chizindikiro cha chiyankhulo china.
3. "Mala?i", ngati mfunsirowo ndi umene wasungidwa, chifukwa chilembo chenicheni chatayika.
4. Nkhodolero ndi mbali ya kalembedwe kathu. Cholakwika chili m'pulogalamu, ndipo chikuonetsa khomo limene akuba angalowere, choncho chikonzedwe msanga.
5. Kapangidwe ka nkhokwe, ndi mizere imene idaonongeka kale.

Ntchito yotumiza kwa mlangizi wanu

Sankhani cholakwika chimodzi mwa zinayi zija. Lembani lipoti lake motsata Sitepe 2, kenaka fotokozani m'mawu osapitirira 300 momwe mungatsimikizire kuti chakonzedwa. Phatikizani mndandanda wanu wa mawu khumi. Ngati kwanu kulibe pulogalamu yotere, gwiritsani ntchito matebulo amene mudajambula pa Ntchito 1.